Boti la eni pa fomu ya alamu anga

Lachiwiri lapitali alamu anga, Abiti Yusufu, anatsika lole ya ku Makanjira ali mbuu ndi fumbi. Ndi mkazi wa malemu achimwene anga. Mwana wawo Asiyatu wasankhidwa kupita ku sekondale, koma bungwe lina lolipirira ana amasiye lamuchotsa pa mndandanda osanena chifukwa. Popanda bungwelo, Asiyatu sukulu yathera pomwepa.

Ndinawaperekeza ku ofesi ya bungwelo pa boma pano.

"Ndabwera kudzaona zimene munalemba za ine," anatero alamu.

Bambo wa pa desiki, munthu waulemu wake ndithu, anayang'ana pa kompyuta. "Pepani mayi, zimenezo ndi zachinsinsi."

"Chinsinsi cha ndani, bambo? Si ndine ndinakuuzani?"

Ine ndinaseka, koma mumtima munandiwawa. Chaka chatha anthu a bungweli anafika pakhomo pa alamu ndi mafoni awo. Anafunsa zonse: amadya kangati pa tsiku, amuna awo anamwalira ndi matenda anji, chimbudzi chilipo kapena ayi. Anajambula nyumba, anawadinditsa chala. Alamu sanabise kanthu, anawayalira mkeka n'kuwapatsanso madzi akumwa.

Titalimbikira, bambo uja anatsitsa mawu ngati akutigulitsa katundu wakuba. "Pano zikuonetsa kuti muli ndi boti la injini. Ndiye simuli m'gulu la ovutika."

Alamu anagwira pakamwa. "Astaghafirullah! Boti limenelo ndi la Che Bwanali!"

Aliyense wa kunyanja akudziwa izi. Nyengo yotseka nyanja, kapena boti likafuna kumatidwa, mwini wake amalikokera pamthunzi uliwonse wapafupi ndi gombe. Mtengo wa mango wa alamu ndiwo wapafupi, ndipo Che Bwanali, oyandikana nawo, akhala akusiya boti lawo pamenepo zaka zambiri. Wolemba wa bungwe wa chaka chatha uja anaona boti pabwalo, sanafunse, analemba.

Tinapempha kuti atisindikizire fomuyo. Ayi. Kuti tingoiona ndi maso pa kompyutapo? Ayi, malamulo salola. Akuti tilembe kalata yopita ku likulu lawo, yankho limabwera likabwera. Pamene mndandanda ukutsekedwa Lachisanu.

Abale anga, tikulembedwa kwambiri masiku ano. Kuchipatala, kubanki, pogula simu khadi, pa chithandizo cha chimanga, paliponse dzina, chala, chithunzi. Potenga amabwera okha mpaka pakhonde, fumbi la ku Makanjira osaliopa. Ukafuna kuona zako zomwe, mpamene amakumbukira malamulo.

Sindikunena kuti mafayilo azikhala poyera, ayi. Za matenda a achimwene anga sindingafune kuti aliyense aziwerenga. Koma kubisa kumeneko n'koteteza mwini nkhani. Nanga mukabisira mwini wakeyo, mukuteteza ndani? Cholakwika chimene mwini wake sanachione adzachikonza ndani? Akanawawerengera alamu fomuyo tsiku lomwe analemba, nkhani ya boti ikanathera pansi pa mango pomwepo.

Kalata tinalemba, ndinaisiya ndekha pa desikipo. Lachisanu ladutsa, foni yanga ili zii. Asiyatu akadali pakhomo, akuthandiza amayi ake kuyanika usipa.

Pokwera lole yobwerera, alamu anakonza mpango wawo n'kundiyang'ana.

"Alamu, anthu amenewa akadzabweranso ndi mafoni awo, mkeka ndidzawayalira. Koma akadzafunsa kuti ndimadya kangati, ndidzawauza kuti ndi zachinsinsi."