Mmene Ndinaikira Alamu Anga M'tchire la Tsanya

Zopita ku Joni ndinaziganiza ndili pamchenga ku Lifuwu, chaka chimene makoka athu ankangobwera ndi ndere. Imvi ndinali nazo kale. Anthu anandiseka, ati munthu wamkulu ngati inu mukatani kumene kumapita anyamata. Ndinawayankha mokweza monga ndimayankhulira ine, kuti padoko ponse amve: ndipita, nditenganso alamu anga a Jafali, ndipo ndidzawabweza ndi manja angawa atanenepa. A Jafali anali amuna a mlongo wanga Halima, munthu wofatsa, wa thupi losalimba. Iwo sankafuna. Ndinawakoka ndine. Zimenezi ndayamba nazo dala, wina asadzati ndinabisa.

Katundu ndinalibe wambiri, koma mpeni wanga sindinausiye. Si wa m'sitolo ayi, wopindapinda uja. Anandisulira mkulu wina wa ku Chinguluwe kuchokera ku sipuling'i ya lole, chitsulo chimodzi kuyambira kunsonga mpaka kumapeto, msana wake wokhuthala bwino. Chigwiriro ndinasema ndekha cha mlombwa, chimake cha chikopa cha mbuzi. Umenewo ndi umene ndinkang'ambira nsungwi za mono, kutumbulira kampango ku Mbenji, ndi kuchinjira mbuzi pa Idi. Galimoto itatitsitsa m'tchire kufupi ndi mtsinje wa Limpopo, munthu wotsogolera njira anati aliyense ataye chitsulo chilichonse, asilikali akachipeza tonse tathera pomwepo. Ena anataya ngakhale masipuni. Ine mpeni wanga ndinaumangirira pamwendo mkati mwa buluku.

A Jafali malungo anawayamba tikadali ku Tete. Tsiku lachiwiri loyenda pansi, m'mawa, anangokhala pansi n'kunena kuti miyendo sakuimvanso. Wotsogolera uja sanaime n'komwe. Anati wodwala atsale, womumvera chisoni atsale naye. Pagulu lonse lija anatsala nane munthu mmodzi, a Petulo, Mkhristu wa ku Dedza amene tinangodziwana m'galimoto.

Kumeneko mitengo ndi tsanya yekhayekha, wolimba ngati chitsulo. Mpeni wa m'sitolo ukanathyoka pamtengo woyamba, ndikukuuzani. Ine ndinkaika wanga patsinde mopendeketsa, n'kumamenya kumsana kwake ndi chibonga, mbali iyi, mbali iyo, mpaka mtengo kugwa. Ndinadula iwiri yowongoka. Luzi ndinasenda pa mlambe n'kulipota pantchafu. Mitengo ija tinailowetsa m'manja mwa majekete athu, kumanga, machira n'kutheka. Tinanyamula, maso pansi kutsata mapazi a anzathu. Madzi anali m'botolo limodzi, ofika pakati. Tikamva kanthu kathyoka m'tchire tinkagwada phee, chifukwa mmenemo mumabisala achifwamba olanda anthu odutsa, ndipo amapha. Dzanja langa likamasuka linkangopita pachigwiriro.

Dzuwa lili paliwombo, a Petulo amene anali kumbuyo anati, "Akulu, tatsitsani. Anzanuwa asiya kubuula."

A Jafali ndinawanong'oneza kalima, mawu a umboni wa Chisilamu, m'khutu ngakhale ndinkadziwa kuti ndachedwa. A Petulo anati tiwafunditse masamba tizipita, mphepo ikufufuta mapazi, tikawataya nafenso tifera momwemo. Sankanama. Koma ndinati Msilamu sasiyidwa pamtunda ngati nyama, ngati akufuna apite okha. Anandiyang'ana, n'kuvula jekete ku machira kuja, n'kufunsa kuti tikumba ndi chiyani.

Ndinasongola mitengo itatu ya tsanya, nsonga yophwatalala ngati khasu laling'ono. Tinasankha m'mbali mwa khwawa louma pamene dothi linali lofewerako. Mmodzi kubaya, wina kukokolola ndi mbale ya pulasitiki. Mtengo ukabuntha ndinkasongolanso. Mizu ndinkadula ndi mpeni, mpeni ukabuntha ndinkaunola pamwala ndi malovu, ndipo malovuwo ankasowa. Kawiri tinamva mawu a anthu kutsidya kwa khwawa, tinagona m'dzenje momwemo mpaka atapita. Titafika m'chiuno ndinaboola kachipinda kam'mbali monga timachitira kwathu. Madzi osambitsira panalibe, ndinawayeretsa ndi dothi monga chipembedzo chimalolera. Sanda, nsalu yokulungira maliro, ndinang'amba mkanjo wanga wa Lachisanu. Swala, pemphero lathu la maliro, ndinaimirira ndekha, a Petulo ali kumbuyo chipewa m'manja. Tinawagoneka chakumanja nkhope kuyang'ana ku Maka, ndinayeza ndi dzuwa limene linkalowa, kuliika kumanzere kwanga. Ndinatseka kachipindako ndi timitengo todula mofanana, kenako dothi, miyala, ndi minga pamwamba chifukwa cha afisi.

Ntchito imeneyo ndinaigwira bwino, palibe shehe angaipezere chifukwa. Choipa ndinachita nditafika.

Foni yoyamba ndinaimbira kwa Halima. Anangoti, "Achimwene, mwafika? Tawapatsani alamu anuwo, bambo a Saidi, ndimve mawu awo." Pamenepo ndinakumbukira pakamwa panga padoko paja, ndi anthu onse amene anamva. Ndinati alamu apeza ntchito ku mafamu a mphesa ku Kepi, kulibe netiweki. Ndinkati ndidzanena mwezi wamawa mtima ukakhala pansi.

Ntchito ndinapeza yodulira maluwa ndi kutchetcha kapinga kwa bwana wina. Ndinkagona m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba. A Petulo anapita ku Debeni, sitinaonanenso, ndiye munthu wodziwa nkhaniyi ndinatsala ndekha. Ine amene kwathu ndikayankhula ng'ona zinkathawa, kumeneko sabata inkatha osatsegula pakamwa kupatula "inde bwana." Lamlungu ndinkakhala pakhomo kusema mithiko ndi zipande pa nthambi zodulira, zinadzaza katoni popanda wophikira. Mwezi ukatha ndalama ndinkatumiza pawiri, ina kwa mayi a kunyumba kwanga, ina kwa Halima, ndikuti iyi yachokera kwa amuna ake. Akafunsa chifukwa chake saimba, ndinkati mukuwadziwa alamu, ndi anthu osayankhula. Ndinkadziona ngati munthu wabwino, wosamala mlongo wake. Zinatero zaka zisanu ndi ziwiri.

Mawondo ndi amene anandibweza. Ndinafika ku Lifuwu mpunga ukucha, mbalame zili mbuu m'minda. Anthu anabwera kudzandilonjera, aliyense kufunsa za a Jafali, ine n'kumangoti alipo. Atabalalika, mayi a kunyumba anandikhazika pansi n'kundiuza zimene pafoni sankanena. Halima anthu amamutcha mkazi wa mtchona, ati mwamuna anakwatira wina ku Kepi. Zaka zinayi zapitazo bambo wina wogula usipa, wofedwa, munthu wa ulemu wake, anamufunsira. Halima anapita kwa a Shehe kukapempha kuti ukwati uthetsedwe popeza mwamuna samveka. A Shehe anafunsa ngati amatumiza thandizo. Iye anati mwezi uliwonse, osaphonya. A Shehe anati mwamuna wotero sanakusiye, dikira. Bambo uja anakwatira kwina.

Tiyi amene anandipatsa sindinamwe. Ndinapita kumunda kwa Halima nthawi yomweyo. Ndinamupeza m'mphepete mwa ngalande akupirikitsa mbalame, atachepa thupi, mpango uli pamutu. Anagwada kundipatsa moni. Ndinati dzuka, ndili ndi mawu. Ndinanena zonse, kuyambira malungo a ku Tete, ndipo mawu anga amene aja sankamveka bwino, anandiuza kawiri kuti ndikweze.

Sanalire. Anafunsa kuti tinakumba ndi chiyani popanda khasu, ndinamuuza. Anafunsa za sanda, ndinamuuza. Anafunsa kumene nkhope inayang'ana, ndinamuonetsa ndi dzanja mmene ndinayezera dzuwa. Ndikuvomera kuti pofotokoza zimenezi mtima unayamba kudzitama pang'ono, poti ndinazichita bwino. Pamenepo iye anati:

"Tsanya yense uja munadula, achimwene. Mawu awiri okha, akuti alamu amwalira, ndi amene anakukanikani?"

Anafunsanso, "Ndiye ndalama zija zinali zanu?" Ndinati inde. Anati akanadziwa akanazitaya m'ngalandemo.

Mawa lake tinapita kwa a Shehe, ine, iye ndi akuluakulu a kubanja kwa a Jafali. A Shehe anandidzudzula pamaso pa onse, ndipo sindinakweze mutu. Kenako anafotokoza kuti eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wofedwa amakhala m'nyumba, imawerengedwa kuyambira tsiku la imfa. Ya Halima inatha kalekale, chaka chomwe chija. Anali mfulu nthawi yonseyi, wosadziwa. Halima anayankha motsitsa kuti a Shehe anena zoona, koma kwa iye mwamuna wake wamwalira dzulo, ndipo palibe amene amulandenso masiku ake olira. Analowa m'nyumba tsiku lomwelo, mpunga uli chiimire m'munda.

Ndinaumweta ndine, ndi mawondo angawa, kuupuntha, kuuanika, kuuthira m'matumba n'kukaunjika pakhonde pake. Uno ndi mwezi wachitatu. Ndikafika pakhomopo ndimapereka salamu mokweza kuti amve ali mkati. Salamu amayankha, chifukwa ndi lamulo. China chilichonse sanandiyankhulebe.