Ndani Akugulitsa VPN Yozembera Azakhali?

Sabata ino ndili ndi nsanje, ndipo sindibisa. Amene ndikumuchitira nsanjeyo si nduna kapena mwini galimoto ayi. Ndi Amosi, wa ku Cobue, tsidya lija la Mozambique, amene amagulitsa tomato ndi mpunga pamsika wa Chipyela.

Nkhani inayamba Lolemba. Ndili kudoko, ndinaona boti lamatabwa la mkulu wina wa konkuno, amene sindimutchula dzina, likunyamuka ulendo wa ku Nkhata Bay. Matumba a usipa anali ndundundu, anthu atakhala pamwamba pa matumbawo, madzi atangotsala pang'ono kulowa. Jekete loyandamitsa, ngakhale limodzi, sindinalione. Chonsecho mwana wanga Tadala amayenera kukwera boti lomwelo Loweruka kubwerera kusukulu. Kudikira sitima akanapeza anzake atayamba mayeso.

Ndinajambula chithunzi n'kuchiponya pagulu lathu la pafoni, momwe muli pafupifupi aliyense wa pachilumba pano kudzanso amalonda a tsidya lija. Pansi pake ndinalemba mawu atatu okha: "Kodi tikudikira maliro?"

Sanabwere apolisi. Anabwera azakhali anga, wapansi kuchokera ku Khuyu, thukuta lili kamukamu, ndipo mpando anaukana.

"Iwe bambo a Tadala, mutu ukuyenda bwino? Usipa wa banja lino amatinyamulira ndani? Pa maliro a bambo ako, anatibwereka boti ndani? Lamulungu mukakhala benchi imodzi m'tchalitchi, ukamuyang'ana ndi maso ati? Fufuta!"

Ndinafufuta iwo ataima pomwepo. Chithunzicho chinali chitaonedwa ndi anthu owerengeka chabe.

Mawa lake ndinapita kukagula tomato, ndipo Amosi anandilandira ndi chiseko. Iye anali mmodzi mwa owerengeka aja.

"Amigo, inu a ku Malawi mumatinyadira kuti kwanu intaneti satseka. Nanga dzulo anakutsekerani ndani?"

Ndinati asandiseke, poti kwawo ndiye kuli mavuto enieni. Tonse tikukumbuka nthawi ija kunali zipolowe pambuyo pa zisankho, pamene masamba a mchezo anangoti zii dziko lonse la Mozambique.

"Eee, anatseka," anavomera akusankha tomato. "Koma ife tinkaika VPN, kapulogalamu konamiza foni kuti ili dziko lina, n'kudutsa pansi pa mpanda. Zikakanika, ndinkangolowetsa simukhadi yanga ya ku Malawi n'kugwira netiweki yanu ndili pakhonde panga. Wotseka uja ali ku Maputo, achimwene. Sandidziwa nkhope, ndipo sadya kwathu."

Apo ndi pomwe nsanje inandilowa.

Tikamakamba za ufulu wa pa intaneti timakonda kuika maiko pamzere ngati ana a sukulu potsekera teremu. Dziko la China timaliika kumapeto, poti kumeneko masamba amene ife timachezapo tsiku ndi tsiku ndi otsekedwa. Anzathu a ku Mbamba Bay, ku Tanzania, amatiuza kuti kwawo mafoni amagwidwa chimfine nthawi ya zisankho. Msuweni wanga amene ali ku Joni amanyoza atsogoleri a dziko la eni m'mawa, masana n'kupita kuntchito ali phee. Ife timadziika chapakati n'kumadzisisita pachifuwa, ngakhale tikudziwa kuti kuno bandulo imatha usanamalize chiganizo, komanso kuti alipo anagonapo m'chitokosi chifukwa cha zimene analemba pafoni.

Sindikupeputsa za anzathuwo. Boma likazimitsa intaneti, mayi amalephera kulandira uthenga wa mwana wake wodwala, ndipo anthu amapwetekedwa mumdima popanda wojambula. Zimenezo si zosirira.

Koma mzere wa maiko uja umaiwala mtundu wina wa loko. Pachilumba ngati chino aliyense ndi mlamu wa wina. Amene ukufuna kumudzudzula ndi yemwe anakuimira ubatizo, ndi yemwe adzakumbe manda ako. Boma silifunika kuvutika nafe, timatsekana tokha pakamwa, mwaulemu, ndi moni wabwino. Kodi inu owerenga, ndi zingati zimene munalemba, n'kuwerenga kawiri, kenako n'kufufuta musanatumize? Munkaopa nduna, kapena apongozi?

Lachitatu foni yanga inalira. Pagulu paja panali chithunzi changa chomwe chija. Amosi anali atachisunga ndisanafufute, ndipo anachiponya ndi nambala yake ya tsidya lija. Mawu ake sanakometse: "Ine ndine mlendo, koma nyanja iyi ndi yathu tonse. Boti ili lidzapha ana."

Abale inu, mukanaona! Anthu omwe aja anali chete Lolemba anadzuka onse. Wina wa ku Mbungo anati mkazi wake anatsika botilo akulira mwezi watha. Wina anati wakhala akunena zimenezi kuyambira kale, ngakhale palibe amene anamumvapo. Aphunzitsi, amayi a chigwirizano, mpaka alamu ake a mwini boti, onse anati zoona, zoona. Ine mwini chithunzi ndinangowerenga, chala chili m'mwamba, osayerekeza kuikapo ngakhale kachizindikiro kovomereza.

Lachinayi ndinakumana ndi azakhali pamsika, akugula tomato kwa Amosi pamtengo womwe tsiku lina akanaukana.

"Waona?" anandiuza monyadira. "Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Anthu olimba mtima ndi awa."

"Azakhali, chithunzicho si changa chija munandifufutitsa?"

"Iyeyu akakwiyitsa anthu akwera bwato n'kupita kwawo. Iwe ukapita kuti?"

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mimba munkapweteka ine, mwana ndi wanga, koma chitseko anatsekula munthu wa dziko limene timalimvera chisoni kuti kulibe ufulu.

Loweruka ndinaperekeza Tadala kudoko. Mwini boti anali pomwepo, nkhope ili gwa, akuuza anyamata ake kuti atsitse matumba ena adikire ulendo wina. Majekete oyandamitsa analipo, ena atsopano, ena obwereka, ndipo botilo linakhala pamwamba pa madzi monga boti liyenera kukhalira. Mkuluyo anandipatsa moni wa dzanja, nane ndinamupatsa, tonse tikudziwa zimene tikudziwa.

Tadala anamanga jekete lake, n'kuyang'ana cha kumsika kumene Amosi amayala tomato.

"Ababa, mukawathokoze a Amosi. Pakanapanda iwo, palibe akanayankhula pachilumba pano."

Ndinagwedeza mutu. Mwana wafika bwino ku Nkhata Bay, ndipo ndikuthokoza Mulungu. Koma mawu akewo akundiluma mpaka pano, ndipo tomato wa Amosi sindinamugulenso sabata ino.

Tsono ndikufunseni inu odziwa za mafoni: ya boma ija mwaipeza, tamva. Nanga VPN yozembera azakhali akugulitsa ndani?