Moni wa a Singano

A Singano anali munthu wa moni. Dzinali silinali lobadwa nalo ayi, linali la pa bwalo la pa intaneti la anthu osamalira odwala kunyumba, ndipo analisankha chifukwa ntchito yawo inali utelala. Ankasokera pakhonde, makina atayang'ana kumsewu, ndipo panalibe wodutsa amene ankapulumuka. Ngakhale wosenza chidebe ankaimitsidwa kuti afotokoze mmene wadzukira, mmene adzukira ana, mpaka za mwendo umene unkamuvuta chaka chatha. Diresi la mwini linkatha kuchedwa, koma moni sunachedwepo.

Anawalowetsa pa bwalopo ndi mwana wawo wamkazi, akazi awo atapezeka ndi matenda a shuga. Pamenepo anthu ankafunsana za mankhwala, za zakudya, za zilonda zosapola. Bwalolo linali ndi chilema chimodzi: munthu akalemba uthenga, pamndandanda pankaoneka mzere woyamba wokha. Zotsalazo mpaka utsegule.

Za chilema chimenechi ndi zimene anayambanirana ndi Mayi Chindunji, mayi wogulitsa musitolo ya zitsulo amene ankadwazika bambo ake okalamba. M'chigawo cholembamo maganizo okonzera bwalo, mayiwa anapempha zinthu zitatu: pakhale kabokosi kolembamo mutu wa nkhani, pakhale batani lofiira la zadzidzidzi, ndipo moni apatsidwe chipinda chakechake.

A Singano zinawapweteka ngati awaponda chala.

"Kodi tasanduka mbuzi?" analemba. "Wolowa m'nyumba ya eni n'kuyamba ndi nkhani ndi wapolisi yekha. Ife tinaleredwa."

Anthu anawaombera m'manja, ndipo oyang'anira bwalo anaisiya nkhaniyo. Kuyambira pamenepo a Singano ankawapatsa Mayi Chindunji moni wapadera m'mawa uliwonse, powatchula dzina, mwina mwaulemu, mwina mowaputa. Mayiwo sankayankha.

Tsiku limenelo linayamba ngati masiku onse. Akazi awo anati adzuka bwino, anamwa mapiritsi awo, a Singano n'kutuluka pakhonde, n'kulonjera bwalo lonse, n'kuyamba kudula nsalu ya yunifolomu. Dzuwa litakwera analowa kukatenga ulusi. Anapeza chakudya cha m'mawa chili chivundikirire patebulo, ndipo kuchipinda akazi awo ali pansi, atatsamira bedi, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera.

"Mayi, mwatani?"

Mayiwo anawayang'ana ngati mlendo. "Achimwene, mwabwera liti?" anafunsa, pomwe achimwene awowo anamwalira kalekale.

A Singano anatenga foni. Anaimbira mwana wawo, foni inali yothima, ali kuntchito. Anaimbira mkamwini wawo, amene ali ndi galimoto.

"Ndanyamuka, bambo, koma ndili kutsidya kwa tauni ndipo msewu wadzaza. Limbani mtima."

Kulimba mtima n'kosavuta kunena. A Singano anaona botolo la mapiritsi pawindo. M'mutu mwawo munali chinthu chimodzi: shuga wakwera, ndipo chotsitsa shuga ndi piritsi. Anatulutsa limodzi. Koma safunsa anadya phula, choncho ndi dzanja linalo anatsegula bwalo n'kuyamba kulemba. Zala zinayenda zokha m'njira imene zinazolowera.

"Moni nonse abale anga, mwaswera bwanji? Ife kuno tili bwino, kaya inu." Kenako pansi pake ndi pamene anafotokoza za thukuta, za kunjenjemera, za achimwene omwalira, n'kufunsa ngati awonjezere piritsi.

Mayankho anabwera msanga, chifukwa a Singano ankakondedwa.

"Taswera bwino a Singano!"

"Zikomo bambo, moni kwa mayi."

"Madala athu osatopa ndi moni!" Wina anaikapo kachithunzi ka manja opemphera.

Palibe anatsegula. Akanatseguliranji, mwini wake wanena kale kuti kunyumba kuli bwino? A Singano anayang'ana mzere wawo woyamba uja pamndandanda, waulemu, wosalala ngati kolala yosita, ndipo anafuna kulira. Mutu wa akazi awo unayamba kugwera pambali. Anagwada, anawadzutsa chibwano, piritsi lili pakati pa zala. Linali litafika pamlomo pamene foni inaliranso.

Anali Mayi Chindunji, m'zilembo zikuluzikulu, opanda moni.

"MUSAWAPATSE PIRITSI. Adya lero? Akutha kumeza?"

"Sanadye. Akumeza malovu."

"Shuga watsika, sanakwere. Sungunulani shuga m'madzi muwamwetse pang'onopang'ono. Akasiya kumeza musawakakamize. Kuchipatala mupitebe."

"Shuga? Adokotala analetsa!"

"Bambo anga zinawachitikira ndili pomwepo, anamwino ndi amene anandiphunzitsa. Fulumirani bambo, tikangana mawa."

A Singano anaima pakati pa chipinda, piritsi kudzanja ili, foni kudzanja ilo. Amvere munthu amene iwo anamuchititsa manyazi pagulu, kapena amvere mutu wawo? Ngati mayiwa alakwitsa, ndiye kuti iwo amwetsa akazi awo poizoni ndi manja awo. Anayang'ananso mbale yovundikira ija kudzera pakhomo. Anaponya piritsi pabedi.

M'nyumbamo munalibe shuga, anasiya kugula kuyambira tsiku la matenda. Anathamanga opanda nsapato, tepi yoyezera ikulendewera m'khosi, mpaka pakhomo la aneba, amene anali kuchapa panja.

"Shuga!"

Mayi wa pakhomopo anasiya zovala m'beseni osafunsa kanthu. Pambuyo pake ankauza anthu kuti chimene chinamuopsa si nkhope ya a telala, koma kuti anafika osati odi, osati mwaswera bwanji. Anabwera nawo akuthamanga, paketi ili m'manja, thovu la sopo lili m'mikono.

Supuni yoyamba inatayikira pachibwano. Yachiwiri inalowa. A Singano ankayang'ana pakhosi pa akazi awo ngati mmene amayang'anira singano ikamadutsa pansalu yoterera, osaphethira. Anameza. Anamezanso. Patapita nthawi imene kwa iwo inali ngati chaka, kunjenjemera kunachepa, maso aja anabwerera, ndipo akazi awo anayang'ana pansi pamene anakhala, n'kukoka chitenje mwamanyazi.

"Bambo, nsapato zili kuti?"

A Singano anakhala pansi pomwepo. Panja hutala ya galimoto ya mkamwini inalira.

Ali m'galimoto, akazi awo atawatsamira paphewa, analembera Mayi Chindunji kuwafunsa chimene chinawatsegulitsa uthengawo pomwe ena onse anangodutsa.

"Munali mutalonjera kale m'mawa," anayankha. "Ndiponso simunanditchule dzina. Ndinadziwa kuti kwagwa kanthu."

Ndiye kuti moni uja ankauwerenga masiku onsewo. A Singano anatsegula chigawo cha maganizo, anafufuza pempho lakale lija la kabokosi ndi batani lofiira, limene linali litakwiririka pansi, n'kulembapo kuti oyang'anira bwalo alionenso lero lomwe. Moni anauika kumapeto.

Kuchipatala, anamwino atamaliza zawo, a Singano anakokera mpando pafupi ndi bedi. Apa ndi pamene akazi awo anaulula kuti m'mimba munayamba kuwavuta dzulo, n'chifukwa chake sanadye, koma sanafune kuwadetsa nkhawa m'mawamawa.

"Nanga panopa mukumva bwanji, mayi?"

"Ndili bwi..."

"Ayi," anatero a Singano, atawagwira dzanja mwamphamvu. "Yambani ndi pamene pakupweteka. Moni tipatsana pambuyo."