Kachivindikiro Kamodzi ka Asitoni

Malemu amuna anga ankafuna chinthu chimodzi: kundifikitsa ku Dedza, kwawo kwa makolo awo, pa galimoto yawoyawo. Tonse awiri tinabadwira kuno ku Kwekwe, ana a anthu a m'migodi, Malawi tinkangomumva m'kamwa mwa akuluakulu.

Galimotoyo inali nkhalamba. Zaka zija petulo ankagulidwa m'zigubu inamwa zinyalala zambiri, n'kuyamba kutsokomola. Mnzawo wa kuntchito anawauza kuti mankhwala otchedwa asitoni amatsuka njira za petulo. Ndiye Loweruka lililonse m'mawa ankayeza kachivindikiro kamodzi n'kuthira m'thanki, ine n'kupemphera, kenako ulendo wa ku Munyati kukaiyesa.

"Mwaimva, amayi? Chifuwa chapola. Chaka chino Dedza."

"Bambo, chifuwa chimenechi munachipoza chaka chathanso."

"Aziko ndaba, palibe vuto. Inu gwirani pemphero, ine ndigwire mankhwala."

Sabata ina botolo lawo linatha. Nditalinunkhiza ndinalidziwa fungolo: lomwe lija la mankhwala amene mwana wathu wamkazi amachotsera penti m'zikhadabo. Ndinatenga kabotolo kake kapinki n'kukhuthulira konse m'thanki osawauza, ati ndiwathandize. Sindinkadziwa kuti a zikhadabowa amawasakaniza ndi zonunkhiritsa.

Tisanafike ku Munyati galimoto inazima. Bambo anatsegula thanki, kununkhiza, kundiyang'ana.

"Amayi, bwanji galimoto yanga ikununkha saluni?"

Ndinaulula misozi ili mbwe, poti ndinaona kuti Dedza ndamupha ndine. Iwo anaseka mpaka kukhala pansi m'mbali mwa msewu.

"Maiwe! Mukanaipakanso milomo!"

Pambuyo pake anandiuza kuti timapaipi ta labala tinali titadyeka kale ndi asitoni wawo yemwe, osati wanga. Kaya zinali zoona, kaya ankangondiziziritsa mtima, Ambuye ndiye adziwa.

Timapaipi tatsopano tisanapezeke, chifuwa chawo cha fumbi la mumgodi chinakula. Chimenecho chinalibe kachivindikiro. Anagona kuno, ndipo Dedza sitinamuone. Galimoto ili pa njerwa kuseri kwa nyumba ku Amaveni, ogula zitsulo ndimawabweza.

Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha msewu wa ku Munyati. Unali waufupi, koma ndinauyenda kambirimbiri nditakhala pambali pawo, iwo akundilozera komwe kuli mapiri a kwawo amene nawonso sanawaonepo.

Mwana uja akabwera n'kukhala pakhonde kuchotsa penti m'zikhadabo, ndimasendera pafupi.

"Usatseke msanga kabotoloko, mwanawe."