Ndinasenza Khoswe, Mabuku Ndinasiya

Kuno ku Kanyama mitambo ikayamba kuda timakweza bedi pa mabuloko, timasanja matumba a mchenga pakhomo, basi n'kumadikira. Ndachita zimenezi zaka zambiri. Mutu umaiwala, koma msana umakumbuka.

Kahamusita, kanyama koweta konga khoswe, kanabwera ndi mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, amene amakhala ku Bauleni n'kumagwira ntchito yam'nyumba kumayadi. Mabwana ake posamuka anamusiyira khola lawaya, m'kati muli kanthu kotuwa, kochepa ngati dzira, mchira osaoneka. Eni nyumba ake anakana kuti kalowe pabwalo pawo.

"Ba mlamu, imwe muwerenga vinthu vambiri," anatero. "Muzaziwa mokasungira."

Umu ndi mmene anthu amandikolera. Akangotchula kuti ndimawerenga, ndavomera kale. Sukulu ndinalekera panjira, ngakhale m'komboni amanditcha ticha. Mabuku ndinkagula limodzilimodzi kwa oyala pansi m'tauni, ena opanda chikuto, ena opanda masamba omaliza, moti nkhani zingapo ndinachita kuzimaliza ndekha. Onse ankakhala m'katoni imodzi pa katebulo.

Ndinafufuza pafoni za mlendo wanga. Akuti madzi sasamba, akanyowa amadwala mpaka kufa. Amasamba mchenga wouma. Ndiye ndinayamba kusefa mchenga, kuukazinga pambaula kuti tizilombo tife, kuupozetsa, n'kumuikira m'kambale. Mkazi wanga ankandiyang'ana akupinda salaula wake, zovala zakaunjika zimene amagulitsa.

"Anzanga amuna awo abwera na nyama. Wanga akazinga mchenga. Muikemo mchere, batate."

Kankadya mapira ndi nthangala za mpendadzuwa. Kunena zoona sikankadya pamaso panga. Kankangolonga m'masaya mpaka mutu kufufuma, n'kukabisa pakona pansi pa utuchi, ngati munthu amene anaonapo njala. Ndikalowetsa dzanja kuti ndiyeretse, kankandiluma. Zikomo wake ndi ameneyo.

Tsiku la madziwo linali Lamlungu. Mvula inayamba m'mawa osapumira, ndipo pofika masana matumba apakhomo anali atagonja. Madzi analowa mwakachetechete, akuda, onunkha zonse za m'komboni. Khola ndinalinyamula pansi n'kuliika pamwamba pa katoni. Bedi linali litadzaza kale salaula, zofunda ndi makala. Madzi atafika m'mawondo, aneba anagogoda pazenera kuti anthu akupita kutchalitchi chapamtunda, tituluke njira isanatsekeke.

Mkazi wanga anasenza ufa. Ine ndinaima pamaso pa katebulo. Mutu ndili nawo umodzi, ndipo m'madzi otero munthu sabwerera kawiri. Katoni inali yolemera, yofuna manja onse. Khola nalonso chimodzimodzi.

"Tengani mabuku yanu, imwe! Ka khoswe kazanyaya, ni vimene viziwa."

"Aka sikasambira, amayi."

"Nanga mabuku yasambira?"

Sanalakwe. Koma mabuku anali chete, pamene kahamusita kanali katakwera pa kagudumu kake kothamangirapo m'kholamo, masaya odzaza mapira, kakundiyang'ana. Kanali katalongedza kale katundu wake. Ndinavula jekete, ndinakutira khola, ndinasenza.

Ulendo umenewo sindiufunira munthu. Phazi limafufuza lokha pansi, chifukwa pena pali mwala, pena dzenje. Anthu anasenza matiresi, mawailesi, makanda. Bambo wina wa tsidya la msewu anakweza jekete pang'ono, nasuzumira, naseka mpaka kutsokomola.

"Ba ticha! Ise makoswe tipha, imwe mwabereka?"

Ndinangopitirira. Kutchalitchi ndinakhala pabenchi khola lili pamiyendo, azimayi akusendera kutali, ana akuunjikana. Utuchi unali wouma. Ndinaugwira kawiri kutsimikiza, ndipo kanandiluma.

Madzi ataphwa tinabwerera. Anali atadutsa pamwamba pa katebulo. Katoni inaphwasuka, mabuku anatupa ngati buledi woviikidwa mu tiyi. Ndinawayanika padenga, koma apansi anamatana n'kuchita nkhungu, ndinataya. Apamwamba ochepa anauma mokhotakhota, masamba osatheka kuwatsegula popanda kung'ambika. Mkazi wanga sananene kuti ndinakuuzani. Anangondithandiza kusesa matope, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa.

Sabata imeneyo utuchi sunapezeke, kwa kalipentala nako kunalowa madzi. Khola linayamba kununkha. Ndinatenga buku limodzi louma lija, lina la aja opanda mapeto, n'kuyamba kung'amba tizidutswa. Kahamusita kanalandira tsamba loyamba ndi manja awiri, kanalinyenya, kanalikokera kukona n'kuyala pogona. Buku limene ine linanditengera nyengo yonse yozizira, iko kanalitsiriza masiku ochepa.

Mlamu anaimba foni kufunsa ngati kali moyo. Ndinati kali bwino, kayambanso sukulu.

Chaka chino mitambo yayambanso kuda. Ndakhoma thabwa m'mwamba pafupi ndi denga, lokwana khola ndi katoni pamodzi. Khola lilipo. Mbali inayo ikadali yopanda kanthu, ndipo maso anga nawo ayamba kutopa ndi zilembo zing'onozing'ono.