Koko Wophukira Pachipata

Matumba 60 a koko wodya ngati mbatata uja, lililonse makilo 50, matani atatu ndendende. Msonkho ndi phindu ndinali nditawerengera kale tili m'njira. Koma pachipata cha m'malire wamsonkho anamasula thumba limodzi, natola koko wa kamphukira kobiriwira, n'kunena kuti imeneyi ndi mbewu yokadzala, si chakudya. Mbewu ili ndi nambala yakeyake m'buku lawo, imafunanso chilolezo chomwe ine ndinalibe. Lole inaimikidwa pambali, padzuwa, ndipo koko wa m'matumba akatenthedwa sachedwa kuwola.

Dalaivala anandilozera kwa Amayi Chidindo, omwe amalembera amalonda mafomu pakhonde la ofesiyo. Akhalapo zaka 19. Anayamba ngati wosesa, akuti, ndipo manambala a katundu anawaphunzira pa mafomu otayidwa omwe ankatola pansi. Amuna awo atasiya malonda, tomato wawo atawolera pachipata chomwechi, mayiwo anagula katebulo, ndipo katebulo kameneko kaphunzitsa ana anayi.

Anandimvetsera osadzutsa mutu, kenaka anafunsa amene anasiya mitu yophukirayo pa kokoyo. Ndinavomera kuti ndine, ndinauza alimi asadule kuti kokoyo asafote, komanso kuti sikelo ikwereko.

"Umafuna makilo, mwanawe. Wawapeza."

Anachotsa magalasi, natenga fomu yanga n'kulowa. Ndinaima pakhomo kuyang'ana wotchi. Pa mphindi 40 zomwe anakhalamo ndinapita kawiri kukapisa dzanja m'matumba a pansi, ndipo kachiwiriko munali mofunda.

Atatuluka anati wamsonkho wavomera chinthu chimodzi chokha: mitu yonse idulidwe, mawa 8 koloko adzayang'anenso. Akapeza mphukira ngakhale imodzi, lole ibwerere komwe yachokera. Ndinafunsa ngati sakanamunyengerera pang'ono.

"Ndikam'namiza lero, mawa ndidzadyera kuti? Iwe udutsa, ine nditsala pompano."

M'chikwama mwawo munatuluka mipeni itatu yokulungidwa m'nsalu. Anati podulapo tizipaka phulusa, apo ayi bala liyamba kuwola tisanafike kumsika, ndipo anatilozera kuseri kwa malo odyera komwe amataya phulusalo. Dalaivala anang'ung'udza kuti iye ntchito yake ndi chiwongolero, koma mpeni analandira. Mayiwo anatseka katebulo kawo n'kukwinya manja a bulauzi.

Tilipo atatu, matumba 20 aliyense. Mitu ikachoka ndataya mwina makilo 200, otsalawo akadali ndi phindu. Tiyamba ndi matumba a pansi, ndipo mawa ndikaima pawindo la ofesiyo isanakwane 8 koloko, ndi fomu yatsopano ya kulemera kwatsopano.