Funso Lanu Lija, Anti

Anti Nachisale, lero chakwana chaka chitisiyireni. Ana a sekondale akubwerabe Loweruka lililonse ku holo ya tchalitchi ku Spinney Hill kudzakonzekera pulojekiti yawo yomaliza, ndipo pampando wanu pakukhala ine.

Ndikukumbukira Tadala akukuchondererani kuti mumusankhire choti afufuze. Inu munangofunsa, "Iwe, chimakuwawa n'chiyani kwanu?" Anakhala chete nthawi yaitali, inu osamufulumizitsa. Kenako anati, "Msana wa amami, akaweruka kosamalira okalamba." Pulojekiti yake inabadwira pomwepo.

Loweruka lapitali mng'ono wake wa Tadala anandipempha zomwezo. Atangokhala chete ndinachita mantha, Anti, ndipo ndinamusankhira ndekha. Anathokoza akuyang'ana pansi. Funso lanu lija ndikamufunsa Loweruka likudzali, ngati abwerenso.